Limu ya pamtengo wa bwemba

Limu ya lole yochita dzimbiri ija inkalendewera pamtengo wa bwemba, pakati pa matchalitchi awiri a Chilutera kwathu kufupi ndi Golomoti. Ndiyo inali belu lathu. Mpingo utagawikana, akuluakulu anagawana mabenchi ndi mabuku a nyimbo, koma limu sungaidule pakati. Ndiye anapangana kuti ife tiziimenya katatukatatu, a kutsidya kwa msewu kawirikawiri, aliyense azidziwa kuitana kwake.

Ndinali mtsikana wa Sitandade 4, makoma a magolosale atadzaza zithunzi za zipani. Amalume anali atapita ndi a kutsidya, ndipo anasiya kudya kwathu, poti aphunzitsi a mpingo wathu ankati sitingapemphere limodzi ndi anthu osiyana nafe chiphunzitso, ngakhale pachakudya. Amayi ankatulutsabe mbale ya mlongo wawoyo, n'kuibweza m'dengu ili youma. Zinkandiwawa kwambiri.

Dzinja limenelo amayi anali oyembekezera, miyendo itatupa, bambo ali kutali kuntchito. Mbande zathu za mpunga ku Bwanje zinkakalamba panazale. Ikanadutsa sabata ina osawokera, tikanakolola mankhusu.

M'mawa wina amayi anandituma kuti ndikaitane amayi a mpingo adzatithandize. "Ukamenye katatu, kenako kawiri, kenako katatu. Wamva?"

Ndinamenya ndi mphamvu zonse mpaka m'manja munachita dzanzi. Anthu anabwera kuchokera mbali zonse ziwiri, n'kuima magulu awiri, kuyang'anizana ngati aberana mbuzi. Aphunzitsi anandiyang'ana ndi diso lofiira. Ndinangonena za mbande zija. Panalibe amene anafuna kuyamba kubwerera gulu linalo likuona, choncho onse anatsetserekera kumunda. Lero ndimati manyazi nawonso amagwira ntchito ya Mulungu.

Kumunda nkhani inali ya pemphero. Amalume anavula chipewa nati, "Aphunzitsi, pempherani ndi anu, ife tipempherera apo pamzere wa madzi. Mukatha mundigwirire chingwe."

Chingwe chowokerera chimafuna anthu awiri, wina uku wina uko, ndipo wina akalekerera mzere umakhota. Tsiku lonse aphunzitsi ndi amalume ankafuulirana, "Kokani!" "Tiyeni!" Matope ofunda ankafika m'mawondo, misundu ikutiluma, ndipo pofika masana sindinkazindikiranso kuti msana uwu ndi wa mpingo uti.

Matchalitchi aja alipobe awiri mpaka lero, sindinama. Koma madzulo amenewo amalume anakhala pamphasa pathu, aliyense anatsinzina napemphera chamumtima, ndipo mbale ija inatsukidwa.

Ine sabata yonse ndinkawamvera chisoni amayi. Munthu woimba kwaya zaka zonsezo, wodziwa kugunda kwa nyimbo iliyonse, n'kusokoneza katatu ndi kawiri! Ndinkati mimba ndiyo yawaiwalitsa kuwerenga.