Amai Chulu Atengera Mbuya Wawo Kukhoti

Kuseri kwa msika wa ku Nyimba, ukangodutsa azimayi ogulitsa nthochi kwa anthu a m'mabasi, pali mpanda wa waya, mtengo wa mango ndi kashedi ka malata anayi. Pamenepo ndiye pantchito pa amai Bernadette Chulu, osunga njinga za anthu. Mlimi akachoka ku Ndake kuti akakwere minibasi ya ku Petauke, kapena kukazonda wodwala kuchipatala cha ku Minga, njinga amaisiya kwa iwo. Yakapalasa ndi makwacha awiri, yamoto asanu, galimoto makumi awiri. Amakupatsa kachitsekerero ka botolo kolembedwa nambala, kanzake n'kumangirira ku handulo. Ukakataya, konzekera kuifotokoza njinga yakoyo mpaka chigamba cha pachubu, apo ayi ubwerera wapansi.

Malowo anawasiyira ndi amuna awo, a Davies, amene ankakonza njinga pansi pa mango womwewo. Atamwalira, achibale anagawana masipanala, pampu ndi wailesi, koma malo analephera kuwanyamula. Makasitomala akale anapitiriza kutsamiritsa njinga zawo pamtengopo mwachizolowezi. Tsiku lina amai Chulu, m'nyumba mulibe ufa, anaziyang'ana njingazo n'kudzifunsa kuti kodi mthunzi umenewu ndi wa boma? Kutacha anayamba kulipiritsa.

Mpanda wawo sunali woti n'kuudalira, pakuti ndi mbuzi yomwe inkaudutsa osawerama. Chimene chinkagwira ntchito chinali chikwangwani cha pageti, cha zilembo zofiira: WOSALIPILA TIONANA KU KHOTI. Kunena zoona, amai Chulu anali asanapondeko kukhoti chibadwire, ndipo sankadziwa kumene khomo lake linaloza. Koma wina akayamba kupapasa m'matumba mozengereza, iwo ankamuwerengera chikwangwanicho mokweza atatong'ola maso, ndalama n'kupezeka nthawi yomweyo. Kwa zaka khumi ndi chimodzi palibe anayesapo kuona ngati mawuwo anali ndi mano. Timakwacha timeneto ndi timene tinkagula ufa ndi kulipirira mwana wawo Febby sukulu ya unamwino ku Chipata.

Nyengo yokolola mtedza, umene kuno timati nshawa, kunatulukira a Hilary Kapambwe, Mbemba wa ku Mpika, wamfupi, wamimba, wogula mbewu m'midzi ndi galimoto ya Kanta yoyera. Analowetsa galimotoyo mumpanda osaodira, naiimika penipeni pa mthunzi, n'kutsika akudziwongola ngati afika pakhomo pawo.

"Bambo, motoka ni twente kwacha," anatero amai Chulu atatambasula dzanja.

A Kapambwe analiyang'ana dzanjalo, kenaka anayang'ana mwini wake. "Ndiwe wa kuti iwe?"

"Ndine Mnsenga wa ku Ndake."

"Awe! Ndiye ine nilipile kwa kapolo wanga wakudya mbewa? Uisunge bwino motoka iyo, ukapeza nthawi uitsukeko."

Amene sanakhaleko kuno angaganize kuti panabuka ndewu. Ayi ndithu, onse anali pamenepo anafa nako kuseka, amai Chulu omwe. Mbemba ndi munthu wa kum'mawa kuno amatchulana mbuya, ndipo chimbuya ndi chibale cha chipongwe. Mbuya akhoza kukunyoza pagulu, kukutengera nkhuku pamsika, kukuchititsa manyazi pamaso pa apongozi ako, iwe n'kumangoseka, poti tsiku lina udzabweza. Wokwiyira mbuya amasekedwa ndi mudzi wonse. Komanso kukagwa maliro pakhomo pako, ndi yemweyo amene amafika woyamba ndi khasu.

Kanta ija inazolowera mthunzi. A Kapambwe ankabwera pafupifupi tsiku lililonse, kudya nthochi za amai Chulu osapempha, kukhala pampando wawo, n'kumawauza kuti Ansenga anaphunzira kuvala nsapato dzana lomweli. Amai Chulu nawo sanali ogona pakamwa. Ankawafunsa ngati sikelo yawo yogulira mtedza inabatizidwa, popeza inkanama kuposa mwini wake. Tisabise, amai Chulu ankasangalala. Masana akafika Kanta isanaoneke, ankangopezeka ali pageti, ati kuwongola chikwangwani.

Zinthu zinaipira kwa alimi a njinga. Iwo ankaona zonsezi, ndipo mlimi wa thonje si munthu woti aone mnzake akudya zaulere iye n'kukhala chete. Woyamba anali a Stephen Mvula a ku Ndake, munthu amene amai Chulu anakulira naye mudzi umodzi ndipo ankadziwa manda a makolo ake onse. Tsiku lina atabwera kudzatenga njinga anapereka kachitsekerero kokha.

"Nanga tuu kwacha?"

"Amai, nenze sininakuuzeni. Agogo a amai anga anachokela ku Kasama. Naine ndine mbuya wanu."

"A Mvula, agogo anu aja enze kugulitsa fodya pa Ndake?"

"Amene aja. Enze kubisa chabe."

Sabata isanathe, theka la Ndake linali litapeza agogo ku Kasama, ku Mansa ndi ku Chinsali. Amuna amene sanapitirireko mlatho wa Luangwa anayamba kupereka moni wa "mwapoleni mukwai", n'kuthera pomwepo chifukwa Chibemba chawo chinali chomwecho. A Kondwelani Miti, pokhala munthu woopa Mulungu, sanafune kunama kwambiri. Anati iwo anagwirapo ntchito ku Kitwe zaka ziwiri, choncho ndi Mbemba theka, ndipo azilipira kwacha imodzi.

Amai Chulu anayesa kuwerenga chikwangwani mokweza monga kale. A Mvula anangoloza Kanta ndi mlomo. "Yambani na aja a motoka, ise tizabwela pambuyo."

Apa kuseka kunatha. Njinga zinkadzaza mpanda ngati kale, koma chitini cha ndalama chinkalira ngati muli mwala umodzi. Febby anaimba foni kawiri kukumbutsa kuti wosamaliza fizi salemba mayeso. Amai Chulu anachita mantha enieni, chifukwa anaona kuti chikwangwani chikafa, nawo malowo asanduka mthunzi wa aliyense ngati poyamba.

Anayamba ndi kulembera a Kapambwe makalata. Yoyamba inali yaulemu, ndipo a Kapambwe anakulungiramo zitumbuwa. Yachiwiri inali yaukali, yotchula masiku makumi anayi ndi awiri ndi K840. Imeneyo anaimata pagalasi la Kanta, n'kumauza anthu kuti ndi kalata yachikondi yochokera kwa kapolo wawo. Amai Chulu anawakokera pambali n'kuwanong'oneza kuti alipireko ngakhale kamodzi, anthu akuona, ndalamayo adzawabwezera mseri. A Kapambwe anaseka mpaka kugwira tayala.

"Nikalipila ine, a kwathu akamva azanichotsa mtundu. Nitengele ku khoti kwamene uko, tikaseke bwino."

Iwo ankanena zocheza. Sanadziwe kuti mayi amene watsala ndi ufa wa masiku atatu samva nthabwala bwinobwino. Lolemba amai Chulu anavala chitenge cha ku Chigwirizano, nafunsa njira kwa wogulitsa makala, n'kukatula nkhani yawo kwa kalaliki wa khoti laling'ono la paboma. Analipira chisamani ndi ndalama yogulira ndiwo za sabata yonse. Mesenjala atakapereka pepalalo, a Kapambwe analiwerenga kawiri, nalipinda bwinobwino. Limeneli sanakulungiremo kanthu.

Tsiku la mlandu khoti linadzaza mpaka m'mawindo. Abemba atsopano onse a ku Ndake anabwera kudzachemerera mtundu wawo, njinga atazisiya kwa amai Chulu komweko, kwaulere. Woweruza anali mayi wachikulire wa magalasi, wosathamanga polankhula. Anamvetsera amai Chulu akuwerenga masiku m'kope lawo. Kenaka anatembenukira kwa a Kapambwe.

"Bambo Kapambwe, motoka munali kuimika pamalo pa amai awa?"

"Nenze kuimika, mukwai."

"Munalipila?"

"Awe mukwai. Ni mbuya wanga uyu. Kulipila kungakhale kumunyoza."

Anthu anaseka, a Mvula mpaka kuwomba m'manja. Woweruza anawayang'ana pamwamba pa magalasi. "Inu a kumbuyoko, ndinu mboni?"

"Iyai, ndine Mbemba chabe," anayankha a Mvula.

"Wa mudzi uti?"

A Mvula anayang'ana kudenga, koma kudengako kunalibe dzina la mudzi uliwonse wa ku Kasama. Anakhala pansi mwakachetechete, ndipo a Miti, amene anali Mbemba theka, anasendera kutali nawo.

Woweruza anavula magalasi. Anati iye chimbuya amachidziwa, naye ali ndi ambuya ake amene anamudyera mbuzi yathunthu pa ukwati wa mwana wake, ndipo sanawasumire. Koma pepala likafika patebulo lake, liyenera kuyankhidwa.

"Amai Chulu, nkhani ili m'manja mwanu. Mutiuze pamaso pa anthu awa. Ngati bambo awa ni mbuya wanu, chotsani mlandu, mukanyozane panja monga mwa masiku onse. Ngati ni kasitomala, alipile lelo. Ni ndani kwa inu?"

Amai Chulu sanayembekezere funso limeneli. Iwo ankaganiza kuti khoti limagamula lokha, iwe n'kungonena kuti si ine, ndi boma. Anayang'ana a Kapambwe, amene ankamwetulirabe, ali ndi chikhulupiriro chonse kuti ino ndi nthabwala yaikulu kuposa zonse ndipo ithera m'kuseka. Anayang'ana kumabenchi, kumene alimi makumi atatu anali atasongola makutu, aliyense akudikira kumva ngati mawa kuli kulipira kapena ayi. Anaganiza za Febby ndi mayeso ake.

"Ni kasitomala," anatero motsitsa mawu.

"Kwezani mau, amai, kalaliki alembe."

"Ni kasitomala."

Kumwetulira kwa a Kapambwe kunazima pang'onopang'ono. Sanatsutse, sanapemphe kulipira pang'onopang'ono. Anatulutsa ndalama zogulira mtedza m'thumba la jekete, nawerenga K840 patebulo, naonjezera ya chisamani. Kenaka anagwira chipewa pachifuwa n'kuweramira amai Chulu pang'ono, monga achitira munthu kwa mlendo wolemekezeka, natuluka.

Madzulo a tsikulo Ubemba unatha ku Ndake. A Mvula anali oyamba kufika pageti ndi makwacha awiri m'manja, nanena kuti afufuza bwino, agogo aja anali a ku Kaumbwe. A Miti anabweza makwacha onse amene Kitwe inawadyera. Ena analipira ndi za masiku amene amai Chulu anali ataiwala. Mbiri inafika mpaka ku Petauke kuti mayi wa njinga wa ku Nyimba sanena zocheza, anasumira ndi mbuya wake yemwe. Lachisanu fizi ya Febby inatumizidwa yonse.

Amai Chulu ankaganiza kuti Kanta sidzabweranso, ndipo mwina zikanakhala bwino ikanapanda kubwera. Inabwera Lolemba lotsatira. Inaima pageti, a Kapambwe natsika n'kuodira.

"Odi, amai. Mwauka bwanji? Malo alipo?"

"Alipo," anayankha amai Chulu, akudikira chipongwe chimene chinkayenera kutsatira.

Sichinatsatire. A Kapambwe anaimika galimoto pakona, padzuwa, pamene panalibe njinga ya munthu. Anapereka makwacha makumi awiri ndi manja awiri, nalandira kachitsekerero ka nambala n'kukaika m'thumba mosamala. Nthochi zinali pambale pomwepo, zakupsa bwino, koma sanaziyang'ane n'komwe.

Amai Chulu mtima unawawa kuposa tsiku la kukhoti. Anaganiza zoyamba okha, popeza kuno timawaseka Abemba kuti ndiwo yawo ndi nyani. Anakweza mawu kuti ndi a njinga omwe amve.

"Iwe Kapambwe! Anyani anasila kwanu, kuti uzivutika na nshawa za Ansenga?"

Alimi awiri amene ankamasula katundu anayamba kuseka, koma analekera panjira. A Kapambwe anaima, natembenuka, chipewa chili m'manja.

"Akaliko, amai. Zikomo pofunsa."

Anatuluka pageti n'kulowera kumsika. Amai Chulu anatsala chiimire ndi twente kwacha ija m'manja, osaiponya m'chitini, mpaka mayi wina wa njinga yamoto anachita kuwaodira kachitatu.