Azungu khumi ndi mmodzi a m'chipinda mwanga

Ndiyenera kuvomera kuti ndinanamiza akamwini anga, bambo a Chikondi, amene amandisunga mwaulemu kuno ku Lang'ata.

Iwowa amakonda mbiri ya mpira. Lamlungu lina titabwerako kutchalitchi, anayamba kundifotokozera za chaka choyamba cha ligi ya ku Mangalande, kalekale m'nthawi ya mfumukazi ina yakumeneko, pamene amuna akuluakulu anayamba kulipidwa chifukwa chothamangitsa chikopa. Anafotokoza mpaka tiyi anazizira. Mpongozi sayasamula pamaso pa mkamwini, choncho pofuna kuthamangitsa tulo ndinati, "Malemu apongozi anu ankazikonda kwambiri zimenezi."

Linali bodza. Malemuwo ankadana ndi mpira, moti anabayapo ndi mpeni mipira iwiri ya ana athu omwe.

Patapita sabata, akamwini anagwada pakhomo pa chipinda changa atanyamula chithunzi chachikulu cha mufelemu. Munali azungu khumi ndi mmodzi a ndevu zopotana, makabudula ofika m'mawondo, manja atapinda pachifuwa.

"Amayi, muzikumbukirapo bambo," anatero, misozi ikulengeza m'maso.

Akazi awo, mwana wanga Esinati, amene mpeni uja anauona ndi maso, anathawira kukhitchini atatseka pakamwa ndi chitenje.

Ndikanaulula pomwepo, koma munthu wogwada sachititsidwa manyazi. Ndinalandira ndi manja awiri, ndi kuthokoza.

Tsopano chithunzicho chinapachikidwa pamwamba pa bedi langa, moyandikana ndi cha malemu. M'mawa uliwonse ndimayamba ndapepesa kwa amuna anga, kenako ndimawapukuta fumbi alendo awo aja, kuyambira wa pagolo.