Sopo 72,072 ku Mobeni

Chaka changa chachiwiri ku Durban ndinkagwira ntchito pa fakitale ina ya sopo ku Mobeni, kuwerenga makatoni asanakwezedwe mu lole. Katoni iliyonse munkalowa sopo 72, osaposa, osaperewera. Tsiku lina ndinawerenga makatoni 1,001, n'kuchulukitsa pa foni, n'kulemba 72,072. Pepala la ku ofesi linkati 72,702. Sopo 630 wasowa, ndipo kapitawo sanavutike kusaka wakuba, anangoloza ine. Anati ikamakwana folo koloko sopoyo akhale atapezeka, apo ayi ndisadzapondenso pageti. Ntchito ina ndikanaipeza kuti, ine wobwera?

Panali bambo ena achikulire a ku Mangochi amene ankasesa mosungira katundu. Kumudzi anali aphunzitsi a masamu, koma ndinkadziwa ndine ndekha poti tinkakhala fulati imodzi ku Berea. Kuntchito ankalankhula Chizulu chosalala ngati anabadwira ku Verulam, ndipo anandiletseratu kuwapatsa moni wa kwathu, kuopa kudziwika kuti nawonso ndi obwera.

Masana amenewo anatsamiritsa tsache kukhoma, n'kusuzumira pepala m'manja mwa kapitawo. Kenako pamaso pa anthu onse anandilankhula m'Chichewa, chifukwa masamu awo sankatuluka bwino m'chilankhulo china.

"Taona, mwanawe. Nambala yochokera m'makatoni a 72 iyenera kugawika ndi 9 komanso ndi 8. Iyi ya ku ofesi ukaphatikiza manambala ake upeza 18, ndiye 9 wailola. Tsono tenga atatu omalizawo, 702, udule pakati."

"351," ndinayankha.

"Dulanso."

"Sizikutheka, abambo, patsala imodzi."

"Basitu. Yogawika ndi 8 imaduka katatu, iyi yakanika kachiwiri pomwe. Sinatuluke m'makatoni iyi, yatuluka m'zala za wolemba."

Akanalekera pomwepo, koma ayi ndithu, uphunzitsi unali utawadzukira. Anagwira pepala langa ngati agwira khanda. Anati 72,072 ndi nambala yaulemu, yosakana alendo: kuyambira 1 mpaka 14 imagawika ndi onse kupatula 5 ndi 10. Anati 1,001 amene wabisala m'kati mwakemo ndi 7, 11 ndi 13 atachulukitsana, atatu ouma mutu amene sagawika ndi nambala ina koma iwo eni ndi 1. Anati manambala oigawa popanda chotsala alipo 96. Nkhope yawo inali ngwee. Ine ntchito ili pakhosi, koma ndinaiwala mantha n'kumangowayang'ana. Sindinaonepo munthu akukonda chinthu chotero.

Ndinamasulira kapitawo m'Chingelezi. Anaimba ku ofesi, ndipo zinapezekadi kuti wolemba anasinthanitsa 0 ndi 7. Kupepesa? Aaa, iye uja? Anangoti "shapu" n'kutembenuka.

Ntchito yanga inapulumuka, koma aliyense anali atamva chilankhulo chija. M'mawa mwake pa nthawi ya tiyi, anzawo a bambo aja, a zaka zambiri, amene ankagawana nawo buledi anasuntha benchi n'kuwatalikira. Bambowo anakhala okha pakhomo la mosungira katundu, kapu ili m'manja. Ine ndinkadziwika kale kuti ndine wobwera, palibe chimene ndikanataya. Komabe ndinaopa, ndipo panapita masiku atatu ndisanapite kukakhala nawo. Manyazi ake sanandichoke mpaka lero.