Maliro a Abambo Ali ku Ntchito

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali Fomu 3 pasukulu ina ya sekondale yoyendera ku Limbe. Lachitatu masana linali la makalabu. Belu likangolira, a kalabu ya zachilengedwe ankapita kukathirira timitengo tawo tosakula, a mtsutso ankadzitsekera m'kalasi n'kumakalipirana m'Chingerezi, a kwaya ankaima pansi pa mtengo wa jakaranda, ndipo a mapemphero ankatipempherera tonsefe, makamaka ife a zisudzo. Ine ndinali wa zisudzo, ndipo kalabuyo ndinkaikonda kuposa chakudya.

Kwa nthawi yaitali ntchito yanga inali yonyamula zovala ndi kuima kumbuyo ngati mmodzi wa anthu ongodutsa. Mwayi unandigwera pamene Limbani, wapampando wathu, analemba sewero la mayi amene mwamuna wake wamwalira, achibale n'kubwera kudzalanda katundu. Atsikana tonse tinayesedwa kulira. Ena ankalira ngati mphaka, ena ankaphulika kuseka ali pakati. Ine nditangotsegula pakamwa, a kwaya panja paja anasiya kuimba. Malo a wamasiyeyo anakhala anga.

Amayi, amene ankagulitsa kaunjika mumsika wa Limbe, zisudzozo sankazikonda. Ankati n'zongophunzitsa mwana matama ndi kubwera mochedwa. Analola chifukwa cha abambo, munthu wokonda kuseka amene ankagwira ntchito kunjanji. Koma amayiwo anandiikira lamulo loti tsiku limene adzamve dandaulo lililonse, basi, ndidzalowa kwaya. Amayi anga sankanena chinthu kawiri.

Mpikisano wa masukulu a m'dera lathu unali Loweruka, ndipo sabata yomweyo holo ya sukulu inatsekedwa chifukwa a Fomu 4 ankalemberamo mayeso. Aphunzitsi otiyang'anira nawonso anali komweko. Tinasowa pokonzekera. Ndinapempha amayi kuti anzanga abwere kwathu Lachinayi masana, ndipo anavomera akuthamangira minibasi, osafunsa n'komwe kuti sewerolo ndi la chiyani.

Tinkakhala m'nyumba za kampani, zothithikana moti mnzako akamakazinga anyezi umadziwiratu ndiwo zake. Pabalaza pathu panali pothina, choncho tinatulutsa masofa ndi tebulo n'kuziika panja, pansi pa mtengo wa mapeyala. Tinatseka makatani, tinayala mphasa. Yohane, mnyamata wamtali amene anapatsidwa malo a malemu chifukwa sankatha kuloweza mawu, anagona pamphasapo, tinamufunditsa nsalu yoyera ya pabedi. Ine ndinamanga chitenje cha amayi, n'kukhala kumutu kwake. Limbani anati ndilire ngati oweruza mpikisano afika kale.

Ndinalira ndithu. Ndinaitana mwamuna wanga, ndinamufunsa kuti anawa wandisiyira yani, ndinadziguguda pachifuwa mpaka thukuta.

Ana a sukulu ife sitinaganize kuti m'tauni mipando ikatuluka panja masana, anthu amadziwa tanthauzo lake. Chinanso, mawu anga ndi a amayi ndi amodzi. Mpaka lero pafoni anthu amatisokoneza. Ndiye sabata imeneyo abambo ankatsokomola moti mzere wonse wa nyumba unkawamva. Oyamba kumva kulirako anali mayi a Joakimu a nyumba yoyandikana nafe, mayi wa Chikatolika wa mtima wabwino ndi miyendo yachangu, amene makolo awo anachokera ku Mozambique. Anasuzumira, anaona masofa panja, sanafunenso umboni wina. Uthenga unayenda khomo ndi khomo. Azibambo anathyola nthambi n'kuziika pamsewu, kenako anadzakhala pamasofa paja atazolika. Bambo a Joakimu anapalasa njinga kukatenga amayi kumsika, ndipo monga mwa mwambo sanawauze kuti kwagwa zovuta. Anangoti atseke benchi, kunyumba abambo sakupeza bwino.

Ife m'katimo sitinkadziwa kanthu. Chitseko chinatseguka pang'onopang'ono, azimayi analowa mowerama, masilipasi atasiya pakhomo, akuimba chapansipansi nyimbo ya maliro. Ine ndinali nditatsinzina. Manja ofunda anandigwira paphewa, ndipo poganiza kuti ndi mnzanga wa m'sewero, ndinawonjezera moto. Azimayiwo anandilandira kulirako, nyumba yonse inalira. Anzanga anauma pakona, kukamwa kuli yasa. Yohane, atamva kuti kulira kwachuluka ndiponso kwakoma kuposa masiku onse, anafunsa ali m'nsalu momwemo:

"Limbani, ndidzuke kapena ndipitirize kufa?"

Khomo lathu linali lopapatiza, koma sindidziwa mmene azimayi onse aja anatulukira nthawi imodzi. Mayi a Joakimu anasiya korona wawo pamiyendo panga. Azibambo panja anaimirira, ena kuthawira kumsewu, ena kufunsa kuti chachitika n'chiyani, ndipo Yohane anatuluka atakoleka nsalu paphewa n'kuyamba kupepesa aliyense mwaulemu kwambiri.

Mkati mwa chipwirikiticho amayi anafika, ndipo apa sipanali poseketsa. Ataona masamba pamsewu anali atadumpha panjinga, n'kuthamanga ndi nsapato imodzi. Nkhope yawo inali itatuwa. Sindinawaonepo ali ndi mantha otero, ndipo ndinawamvera chisoni kwambiri. Atawafotokozera, anakhala pansi pakhonde, anapuma kwa kanthawi, kenako anandiyang'ana.

"Tadala, vula chitenje changa. Zisudzo zathera pano."

Misozi inayambanso kutsika, koma iyi inali yeniyeni ndipo inalibe phokoso. Loweruka linali mkuja, ndipo panalibe wina wodziwa mawu anga.

Abambo anatulukira poweruka kuntchito, chipewa chili m'manja chifukwa cha masamba aja, akufunsa kuti watisiya ndani. Bambo a Joakimu anayankha kuti, "Ndinu, achimwene." Abambo atamva nkhani yonse anaseka mpaka chifuwa chija chinawagwira. Anazungulira kupereka moni kwa aliyense, kuthokoza kuti abwera pamaliro awo, n'kumadandaula kuti mnzawo wosewera naye bawo sanaoneke. Kenako anapita pamene panakhala amayi.

"Mayi a Tadala, anthuwa asiya ntchito zawo kudzandilira ine. Abwerere chimanjamanja? Anawa awaonetse sewerolo, kenako mugamule."

Amayi anayang'ana kumbali, ndipo abambo anazitenga ngati chilolezo. Khonde linasanduka bwalo la sewero, olira maliro anakhala oonerera, malemu enieniwo anakhala pasofa yapakati akudya mtedza. Dzuwa linali litapendeka, fungo la mbaula likuyamba kumveka m'makomo, koma palibe anachoka. Achibale a m'sewero atafika kudzanyamula katundu, azimayi anayamba kuwakuwiza, ndipo mayi a Joakimu anaimirira kuti akalande wailesi m'manja mwa mlamu woipayo mpaka amuna awo anawakoka chitenje. Ine ndinkasewera diso lili pa amayi. Anakhala atapinda manja, milomo atamanga. Koma pamene wamasiye anakumbatira makina ake osokera n'kukana kuwasiya, ndinawaona akupukuta m'maso. Ndinakumbukira kuti zomwezi zinawachitikira mng'ono wawo wa ku Bangwe.

Anthu anaomba m'manja, anachotsa masamba pamsewu, anabalalika akuseka. Tikulowetsa masofa, amayi analowa kuchipinda. Anatuluka ndi mpango wawo wakuda n'kundiponyera.

"Wamasiye sakhala mutu uli pamtunda. Loweruka umange uwu. Ndipo uzikalira kuholo, osati pakhomo panga."

Ndinalumpha ngati mwana wa mkaka. Loweruka amayi anatseka benchi tsiku la malonda, anabwera ndi mayi a Joakimu, anakhala kutsogolo. Tinakhala achiwiri, koma mmene tinkaimbira m'minibasi pobwerera, kondakitala anatifunsa kuti chikhocho tachibisa pati.

Lero ndimakhala ku Naperi, m'nyumba ya mpanda wa njerwa ndi geti lachitsulo. Uthenga wa maliro umabwera pafoni, ndipo ambiri timayankha ndi kachithunzi ka manja opemphera. Mwana wanga wamkazi nayenso ali m'kalabu ya zisudzo kusukulu kwawo, ndipo pakamwa anatengera ine. Mwezi watha anabwera ndi anzake kudzakonzekera pabalaza. Anakuwa, analira, anagwetsa mipando masana onse, mpaka galu anakabisala kuseri kwa thanki. Ine ndinasangalala, ndinawakazingira mbatata, ndinawauza pamene akulakwitsa. Koma nthawi yonseyo ndinapezeka ndikutchera khutu kugeti. Atamaliza ndinatuluka kukasuzumira mumsewu. Mageti onse anali otseka, ndipo palibe anabwera kudzafunsa kuti kwagwanji.