Chigubu chimene ndinagulitsa pa Chilwa

Ndikudziwa kuti wogulitsa kaunjika sakhulupirika msanga, poti ife timatha kulumbira kuti jekete long'ambika m'khwapa latsika ndege dzulo, koma izi zokha, abale anga, n'zoona, ndipo alamu anga ali moyo, mukhoza kukawafunsa.

Zinachitika matipate atangobwera, nthawi imene aliyense mu Zomba muno ankadzitcha wabizinesi. Alamuwo, amuna a mlongo wanga, anali ndi boti lamatabwa la injini ku Kachulu, lofoleredwa ndi lona chakumbuyo, ndipo ankazungulira nalo nyanja ya Chilwa doko ndi doko, kugulitsa shuga, mchere ndi sopo, kugula nsomba zouma. Atandiuza kuti asodzi akapha matemba ndalama imawayabwa m'thumba, ndinamanga belo langa ku Chinamwali n'kukwera matola.

Masabata atatu botilo linali nyumba yathu. Tinkaphika pambaula yokhazika pa lata, kugona pamwamba pa katundu, kuyanika zovala pansungwi yokankhira boti, ndipo zakuchimbudzi musandifunse. Moyowo ndinaukonda, lero ku Chisi, mawa ku Mchenga, kulikonse amayi akulimbirana masiketi ine pakamwa pali pantchito, ndipo ukacheukira kumadzulo phiri la Zomba lili apo ngati likukulondera. Madzi a m'nyanjamo ndi amatope, owawa mchere, choncho akumwa tinkatunga pamjigo m'zigubu ziwiri tikafika kumtunda.

M'kati mwa nyanjayo muli zimbowera, timisasa ta asodzi tomangidwa pa udzu woyandama pakati pa mabango. Tsiku lina m'mawa tinaima pa chimbowera china, ndipo alamu atatengedwa pabwato kukaona nsomba chapafupi, kunabwera bambo wina wamtali, wopanda mano akutsogolo, kudzapempha madzi akumwa. Chigubu chimodzi chinali chitatha kale. Ine nditaona milamba yowamba ili mbwee pathandala lake, mtima wakumsika unadzuka. Ndinamuuza kuti madzi achokera kutali, akwera ngati petulo, ndipo tinakokanakokana mpaka iye anatenga chigubu chonse, ine dengu la milamba. Sanakwiye, anangonyamula chigubucho n'kumapita. Ndinadziona dolo, nanga doko si linali ulendo wa maola awiri okha?

Alamu atabwera n'kumva, anagwira m'mutu. Anati panyanja pano madzi sagulitsa, wopempha umamupatsa kapu chifukwa mawa wopempha ndiwe, ndipo ndawachititsa manyazi. Ine ndinaseka n'kuwauza kuti manyazi sadzaza thumba.

Titanyamuka masana kunayamba mwera. Kodi munaonapo pansi pakuyenda? Udzu uja, zigawo zazikulu ngati bwalo la mpira, unayamba kusuntha ndi mabango ake omwe, ukulira tswatswatswa, ndipo njira yakutsogolo inatsekeka tikuona ndi maso. Titatembenuka, kumbuyo nako kwatsekeka. Injini inakodwa mu udzu n'kuzima, nsungwi tikaizika imangomira m'matope, mabango atalika kuposa munthu woimirira, phiri losaonekanso, ndipo boti linkafinyidwa mpaka matabwa kulira ngati chitseko chakale. Ine mwana wa m'tauni, kusambira kwanga n'kwa m'bafa.

Tsiku lachiwiri makala anali atatha, mabango aawisi akukana kuyaka, ndiye alamu ludzu litawakulira anamwa madzi a m'nyanja osawiritsa. Pofika lachitatu anali akutsegula m'mimba ndi kusanza, maso alowa m'kati, mawu akungonong'ona. Mankhwala ake ndinkawadziwa, pawailesi ankanena tsiku ndi tsiku: shuga, mchere ndi madzi abwino. Shuga ndinali nditamukhalira, mchere nditautsamira, madzi nditagulitsa. Ndinayang'ana dengu la milamba lija n'kuganiza za mlongo wanga, kuti ndikamuuza chiyani, kuti amuna ako ndasinthanitsa ndi nsomba?

Ndinakuwa mpaka kukhosi kunauma. Kenako ndinamasula belo n'kutulutsa diresi lofiira limene ndinayenda nalo misika inayi popanda wolifunsa mtengo, ndinalimangirira kunsonga ya nsungwi n'kuiimika. Dzuwa litangopendeka ndinamva zikwanje zikudula udzu. Anatulukira amuna anayi pa mabwato awiri, patsogolo bambo wopanda mano uja, chigubu changa chili pakati pa miyendo yake, madzi akadali opitirira theka. Anati ataona mphepo ija anadziwa kuti a m'tauni aja sanafike kudoko, ndiye anasiya maukonde, masiku awiri akutisaka, mpaka anaona chofiira chikugwedezeka pamwamba pa mabango.

Zamanyazi nazo ndiulule. Pakamwa panga, pokhapokha, panatuluka funso loti ndi zingati. Bamboyo anathira madzi m'kapu, n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Achimwene, amwetseni alamu anuwo. Msika tinausiya kumtunda."

Ndinasungunula shuga ndi mchere misozi ikugweramo, n'kumawamwetsa pang'onopang'ono pamene anthuwo ankatidulira njira ndi kutikoka mpaka ku Kachulu. Alamu anagona m'chipatala sabata yathunthu, n'kuchira, ndipo mpaka pano akandiona ndi kapu m'manja amafunsa ngati ayambe alipira. Milamba ija ndinafuna kubweza koma bamboyo anakana, anati malonda ndi malonda. Diresi lofiira lokha ndi limene analandira kuti akapatse akazi ake, ndiye tinene kuti linapeza mwini wake.

Lero ndikadali mumsika wa Zomba, ndimanenerera mpaka kasitomala atuluke thukuta, sindinasanduke mngelo ayi. Koma pansi pa benchi langa pamakhala chigubu ndi kapu, ndipo wakumwa salipira, ngakhale amene wangonyoza kumene kuti zovala zanga n'zodula. Ndimakhulupirira kuti anthu abwino alipobe, ena alibe ndi mano omwe, ndipo amakusaka m'mabango iwe utawadyera masuku pamutu. Tsono inu anzanga a pakamwa pakuthwa, mukafika kwa eni ake musathamangire kutchula mtengo. Yambani mwafunsa ngati chinthucho kumeneko amagulitsa.