Chala Changa pa Fomu ya Jakisoni

Anzanga, ine ndi amuna anga tinakumana pa sitepe ya 20. Sukulu imene ndinkaphunzitsako masamu inali ndi masitepe 42, ndipo mtima wanga wodwalawu unkandiimitsa pakati.

Iwo anali kalipentala, anabwera kudzakonza madesiki.

"Aphunzitsi, mwatopa kapena mukudikira ine?"

"Ndikupuma, bambo. Dutsani."

Sanadutse. Anandinyamulira makope tsiku limenelo ndi masiku ena 112. Chaka chisanathe tinakwatirana.

Tsiku lobereka mwana woyamba, mtima unavuta. Kuchipatala anandiveka chophimba kumphuno cha okosijeni. Ndinkadziwerengera ndekha: kupuma ka 38 pa mphindi imodzi. Milomo inada.

Dokotala anaitanira amuna anga ndi apongozi pakhomo la chipinda. Ndinkamva zonse.

"Ululu ukuwapumitsa mofulumira, mpweya sukukwana, mtima ukutopa. Tikufuna kuwabaya jakisoni wa pamsana kuti ululu uchepe. Eni akewo dzanja likunjenjemera. Sainani apa, bambo."

Anayankha ndi apongozi. "Ine ndinabereka asanu ndi awiri popanda jakisoni! Wa pamsanayo amapuwalitsa. Komanso mkazi amene sanamve ululu sakonda mwana."

"Mayi, mpongozi wanuyu akhoza kufa."

"Aaa, ulesi wa anthu a sukulu basi."

Ndinadikira mawu a amuna anga, maso ali pa wotchi ya pakhoma. Mphindi 14... Kenako ndinamva: "Amayi, ndiye titani?"

Nesi wina wachikulire analowa ndi inki. "Mwana wanga, thupi ndi lako. Ngati ukufuna, vomera ndi mutu."

Ndinavomera. Anagwira chala changa chachikulu n'kudinda pa fomu. Ine, wa masatifiketi atatu!

Atandibaya, kupuma kunayamba kutsika: 30, 26, 22. Masana kunabadwa mwana wamkazi, makilogalamu 2.4. Ndipo ndinamukonda, apongozi amve kumandako.

Amuna anga analowa akumwetulira. "Mwaona, mayi a mwana? Zonse zayenda bwino."

Ndinatseka maso. Ndinali nditatopa.

Sindinawasiye ayi, anzanga. Tinakhala limodzi zaka zina 36. Sanandimenyepo, sanagonepo kunja. Ndinkawachapira, ndinawadwazika, ndinawaika m'manda chaka chatha.

Koma chibadwire mwana uja ndagonekedwa m'chipatala kasanu ndi kanayi. Ulendo uliwonse nesi amafunsa, "Zikavuta, wokusainirani ndani?"

Ndinkatchula mchemwali wanga. Bambo aja anamwalira asakudziwa.