Foni pa Chiwongolero

Mwabi ndi dalaivala wa lole, amanyamula makontena kudoko la Kurasini kupita nawo ku Malawi. Theka la moyo wake lathera pa foleni, mzere wa malole odikira katundu uja. Lamulo la pa foleni ndi limodzi: yakutsogolo ikasuntha, nawe suntha. Ukazengereza ena akulowerera, ndipo ugonanso tsiku lina pafumbi.

Gemu ya nkhondo ya pafoni anaiyamba pongotayitsa nthawi. Luso analibe, tisabise. Zala zozolowera sipanala zija zinkadina mabatani awiri nthawi imodzi. Ankafa woyamba, n'kuseka mpaka kutsokomola.

Koma chinamumata pa gemuyo n'china. Mu timu yawo munali Khumbo, mng'ono wake wokhala ku Ubungo. Chichitikireni maliro a mayi awo, amene Mwabi anawaphonya ali pamsewu, Khumbo sankayankhanso foni yake. Mu gemu mokhamo ndi mmene ankamulankhula. "Achimwene, kumanzere kwanu!" Mawu amenewa Mwabi ankawamva kukoma kuposa kupambana.

Zinthu zinayamba kununkha pamene Ridhiwani, mkulu wa timuyo, anailembetsa mumpikisano. Kuseka kunatha. Kawiri konse foleni inasuntha gemu ili mkati, Mwabi n'kuponya foni pampando, anzake n'kugonja.

"Mzee, madala inu, ife sitikucheza ayi," anatero Ridhiwani. "Mukatisiyanso, basi, tipeza wina."

Mwabi anadikira kuti Khumbo amuikire kumbuyo. Khumbo sanatero. Mantha anamugwira Mwabi, poti anadziwa kuti akachotsedwa, mawu a mng'ono wake sadzawamvanso.

Lachinayi masana dzuwa likuswa mtengo, mpikisano unayamba. Mwabi anatsamiritsa foni pa chiwongolero, injini ikulira. Munthu wodziwa bwino kuti mapanga awiri avumbwitsa, koma tsiku limenelo nzeru zinamuthawa. Panja, Deogratias, bambo wachikulire woona maloko a makontena, ankayenda pakati pa malole ndi kabuku kake monga mwa masiku onse. Podutsa anamubayibitsa Mwabi, koma iye sanamuone.

Mwamwayi kapena mwatsoka, Mwabi sanafe woyamba. Ridhiwani anagwa, mnzawo wachinayi anagwa. Anatsala awiri, iye ndi Khumbo.

Kutsogolo kwa mzere injini zinabangula. Kumbuyo mahutala anayamba kulira, wina n'kumenya chitseko chake ndi chikhatho. "Sogea, wewe! Suntha!"

"Achimwene, musandisiye," anatero Khumbo m'makutu mwake. "Ulendo uno wokha, musandisiye."

Dzanja limodzi la Mwabi linatsika n'kumasula buleki, maso osachoka pafoni. Kutsogolo kwa loleyo, pansi pa galasi, pamalo pamene dalaivala saona pokhapokha atasuzumira, Deogratias anali atawerama kutola cholembera chake.

"Ndili pompano, Khumbo," anatero Mwabi.

Lole inayamba kuyenda.